Za ulendo wa ku Antietam, amene munagona mufunse pano

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu. Tabwerako bwino ku Sharpsburg kuja, ku Maryland kuno ku America, miyendo yokha ndi imene ikudandaula. Amene munalonjeza kuti mubwera kenako mafoni anu n'kuzima 4 koloko m'mawa sinditchula maina, mukudzidziwa kkkk

Kondwa wa ku Baltimore: Achemwali musandiyang'ane ine, ndinatuluka shifiti 1 koloko usiku, alamu inalira ndithu koma thupi linakana. Tiuzeni zinali bwanji

NaBanda: Inenso ndifunse, kodi ndi chani kwenikweni chimene munadzukira usiku ngati opita kukagula feteleza wa makuponi? Mesa ndi munda chabe umene uja, tinadutsapo chaka chatha popita ku Hagerstown ine sindinaone kanthu koma mipanda ya mitengo ndi zipilala

Amalume a ku Gaithersburg: Ndi munda ndithu NaBanda, simunaname. Koma pa 17 Seputembala 1862, pa nkhondo ya Antietam, imodzi mwa nkhondo za Civil War, nkhondo ya pachiweniweni ya ku America pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, m'munda umenewo ndi m'madera ozungulira munagwa anthu pafupifupi 23,000 tsiku limodzi, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Chaka chilichonse tsiku limeneli likafika ma ranger a pamalopo amayenda ndi anthu kuwaonetsa pamene zinachitikira, pa ola lomwe zinachitikira. Ndiye chifukwa chake tinalawira, nkhondoyo inayamba kusanache bwinobwino

Kondwa wa ku Baltimore: 23,000 kufa tsiku limodzi?? Amalume mwaonjeza mchere

Mayi a Tadala: Ayi apa ndiwathandize amalume chifukwa funso lomweli linafunsidwa komweko ndi bambo wina amene anabwera ndi ana ake. Ranger anati nambala imeneyo ndi ya onse pamodzi, ofa, ovulala ndi osowa kapena ogwidwa. Amene anafera pomwepo tsiku limenelo ndi cha m'ma 3,600, koma ambiri mwa ovulala aja anakafera m'nkhokwe ndi m'matchalitchi masabata otsatira chifukwa mabala ankawola. Ine monga nesi apa ndi pamene panandigwira mtima, ndibweranso pa nkhani imeneyi

NaBanda: Dikirani kaye, ranger wake ngati a ku Liwonde kapena ku Majete aja onyamula mfuti kuthamangitsa opha njovu?

Amalume a ku Gaithersburg: Kkkk dzina ndi lomwelo ndipo nawonso ndi a boma, a National Park Service, yunifolomu yobiriwira ndi yotuwa ndi chipewa chachikulu chophwatalala chija. Koma awa njovu yawo ndi mbiri. Wathu anali mayi wamfupi, wopanda pepala lililonse m'manja kupatula mapu amene anawakuta ndi pulasitiki, koma maina a magulu a asilikali, maola, amene anaima pati, zonse zili m'mutu ngati mlaliki wa pa chitsitsimutso

Mayi a Tadala: Ndifotokoze za m'mawa chifukwa ndi zimene sizikundichoka. Tinafika kukadali mdima, mame ali thoo, nkhungu yagona pansi m'minda. Anthu analipo ambiri ndithu, ena ndi mipando yopinda ena ndi makapu a khofi, koma zii palibe wokweza mawu. Anatitengera pa malo amene amangowatchula kuti Cornfield, munda wa chimanga wa mlimi wina dzina lake Miller, ndipo mpaka lero amalimamo. Ndiye tangoganizani mwana wa ku Dowa ngati ine, ndaima m'mbali mwa chimanga chachitali kundiposa, fungo lake lomwe lija la mapesi onyowa ndi mame, ndikukumbuka kumunda kwa agogo, kenako mayi uja akuti pano pamene mwaimapa anyamata ochokera kumpoto analowa m'chimanga osaona amene ali kutsogolo kwawo, ndipo atangotulukira mbali inayo anapeza mzere wa adani ukuwadikira. Munda umenewo unalandidwa n'kulandidwanso kangapo m'maola ochepa a m'mawa. Mkulu wina wa asilikali a kumpoto, Hooker, analemba pambuyo pake kuti chimanga chinadulidwa ndi zipolopolo ngati wachita kuchisenga ndi mpeni

Mayi a Tadala: Ine ndinangogwira phesi limodzi basi, sindikudziwa chifukwa chake

Kondwa wa ku Baltimore: Eish. Koma ankamenyerana chani makamaka, ine za Civil War ndimangomva pa mayeso a citizenship aja

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndaona mauthenga ambiri ndadzuka, netiweki kuno inali yovuta. Kondwa mwana wanga, zigawo za kumwera zinapatuka mu 1860 ndi 1861 Abraham Lincoln atasankhidwa, ndipo gwero lake linali ukapolo, chuma chawo cha thonje chinkadalira anthu ogulidwa. Mu 1862 Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a kumwera, anawoloka mtsinje wa Potomac kulowa mu Maryland kuti nkhondo ikamenyedwere kwa eni ake. George McClellan wa kumpoto anamutsatira, anakumana pa kamtsinje ka Antietam. A kumwera nkhondoyi amaitcha ya Sharpsburg potengera tawuni, a kumpoto amatchula mtsinje. Ndinkaphunzitsa zimenezi pa bolodi koma sindinapondepo, inu muli ndi mwayi

Amalume a ku Gaithersburg: Aphunzitsi mukanakhalapo mukanasangalala ndi nkhani ya ndudu. Masiku anayi nkhondo isanachitike asilikali a kumpoto anatola pepala pa udzu pafupi ndi Frederick, litakulunga ndudu zitatu zazikulu zija, kulitsegula ndi dongosolo lonse la Lee, kuti gulu ili lipita uku ili lipita uku. McClellan analandira chinsinsi cha mdani m'manja chonchi, ali ndi asilikali ochuluka pafupifupi kawiri, komabe anachita chidodo. Ranger anatifunsa kuti inu mukanatani, mzungu wina wachikulire wovala kapu ya asilikali opuma anayamba kumuteteza McClellan kuti anthu amamunyoza mopyola, wina n'kumutsutsa, anatsala pang'ono kukangana ngati za Bullets ndi Wanderers, nkhani ya zaka 163 zapitazo

NaBanda: Kkkkk ndiye amene anataya pepalalo anamutani

Amalume a ku Gaithersburg: Mpaka lero akungolozerana, palibe anavomera. Ndudu nazonso kaya anasuta ndani

Mjomba wa ku Joni: Ndikuwerenga ndili mu taxi. Kunonso ziliko zotere, ku Isandlwana ku KwaZulu-Natal kumene Azulu anagonjetsa Angerezi pa 22 Januwale 1879, kuli milu ya miyala yopaka laimu paliponse pamene anakwirira anthu, ndipo ofotokoza ake akayamba kulongosola umachita kumva ngati gulu la nkhondo likutsika phiri. Ndinapitako ndi abwana anga akale ndikuwayendetsa. Pitirizani

Mayi a Tadala: Titachoka m'chimanga tinapita pa katchalitchi koyera kaja, Dunker Church. Kakang'ono, kopanda mtanda kopanda belu, mkati mabenchi a matabwa basi ngati ma prayer house a kumudzi. Eni ake anali anthu ochokera ku Germany okana nkhondo, osagwira mfuti n'komwe, ndiye nkhondo inabwera kudzamenyedwera pakhomo pawo penipeni. Kamene kalipo panoka anachita kumanganso chifukwa koyambako kanagwa ndi mphepo mu 1921. Banja la Mumma limene linapereka malo a tchalitchicho nyumba yawo inatenthedwa ndi asilikali a kumwera, ndipo atapempha chipukuta misozi boma linakana ati tikulipira zimene anaononga asilikali athu okha

NaBanda: Koma abale, njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Munthu wangodzuka nyumba palibe, chimanga palibe

Amalume a ku Gaithersburg: Ndipo zimenezi ndi zimene ndinawakondera ma ranger aja, sanangokamba za akuluakulu a nkhondo. Anatiuza za alimi, kuti asilikali anakhala m'deralo masabata angapo nkhondo itatha, anadya nkhumba, nkhuku, mipanda yonse anasonkhera moto, zitsime zinaipa, matenda anagwa m'mudzi anthu wamba n'kumafa. Chaka chimenecho kunalibe zokolola

Kondwa wa ku Baltimore: Nanga Bloody Lane imene ndimaiona pa zikwangwani?

Amalume a ku Gaithersburg: Imeneyo tinafikako cha m'ma 10 dzuwa litayamba kuwawa. Ndi kamsewu ka ngolo kamene kanakumbika ndi matayala ndi madzi mpaka kukhala ngati ngalande, ukaimamo m'mbali mwake mumafika m'chiuno kapena kuposa. A kumwera anabisalamo. Ranger sanatiyambitse mu msewumo ayi, anatizungulitsa kaye kumunsi cha ku famu ya Roulette kuti tikwere chitunda ngati mmene anakwerera a kumpoto. Ukukwera sukuona kanthu, udzu ndi thambo basi, kenako ukangofika pamwamba msewu uja uli pomwepa, mtunda woti mwala utha kufika. Pamenepo anatiimitsa nati tsopano inu mukuoneka bwinobwino kuthambo, iwo akuoneka zipewa zokha. Palibe anayankhula. Ine ndawerengapo za nkhondo zambiri koma chitunda chimenecho chinandiphunzitsa zimene buku silikanatha, miyendo ndi imene inamva. Pamalo amenewo pokha panagwa anthu oposa 5,000 m'maola atatu ndi theka

Mayi a Tadala: Amalume anafika pamwamba akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, musawaone kulemba bwino apa

Amalume a ku Gaithersburg: Shuga mwana wanga, komanso nsapato zinali za kutchalitchi. Amene mudzapite valani zoyendera, masokosi aatali chifukwa anatichenjeza za nkhupakupa mu udzu, ndipo tengani madzi ambiri. Ife tinatenga mandasi ndi tiyi mu fulasiki koma madzi botolo limodzi anthu anayi, nzeru za kwathu

NaBanda: Ine chimene sindimvetsa, malo oti panafera anthu chonchi mumapitako ndi mandasi? Kwathu kumanda sitipita wamba, mpaka amfumu alole. Kuno anthu amathamangako majogingi ndi agalu

Aphunzitsi a ku Zomba: Funso labwino NaBanda. Koma kodi mitembo ikadali m'mindamo?

Mayi a Tadala: Poyamba anawakwirira pomwepo m'minda, m'maenje osaya, moti alimi polima ankafukula mafupa. Pambuyo pake anawasamutsa. A kumpoto ali ku manda a boma pamwamba pa tawuni, oposa 4,700 ndipo ambiri alibe maina, pakati pali chifanizo chachikulu cha msilikali wamba. A kumwera sanawalole kumeneko, anakawaika ku Hagerstown, Frederick ndi Shepherdstown. Koma NaBanda ukunena zoona pang'ono, inenso nditaima mu Bloody Lane muja mwana wina ankathamangamo akuseka ndinamva kuipidwa, kenako ndinaganiza kuti mwina bola mwana aziseka momwemo kusiyana ndi kuti pamangidwe shopping mall. Kaya. Mandasi tinakadyera m'galimoto

Kondwa wa ku Baltimore: Mwati mubwerera ku za unesi

Mayi a Tadala: Eya. Pali chipilala cha Clara Barton, mayi amene pambuyo pake anayambitsa American Red Cross mu 1881. Anafika ndi ngolo ya katundu wake wopempha kwa anthu, anapeza madokotala nsalu zomangira mabala zawathera akumanga ndi makoko a chimanga. Makoko abale, omwe aja timasenda tikamaotcha mondokwa. Ndipo akumwetsa madzi msilikali wina wovulala chipolopolo chinaboola mkono wa diresi lake n'kupha munthu amene ankamumwetsayo. Nthawi imeneyo za majeremusi sankazidziwa bwino, dokotala amadula mwendo uyu n'kupukuta mpeni pa epuloni kupita kwa wina. Ine ndinagwirapo ntchito pa chipatala china chakumudzi kwathu kumene magolovesi ankatithera ndipo usiku tinkaunikira ndi tochi ya foni, ndiye pamene ranger ankanena kuti Barton anabweretsanso nyali kuti madokotala apitirize usiku, ine misozi inangobwera yokha, Tadala kumandikoka kuti mami anthu akukuonani

NaBanda: Pepani achemwali. Zimenezo timazidziwa ife tinaberekera kumudzi

Mjomba wa ku Joni: Ndiye anapambana ndani pamapeto pake

Amalume a ku Gaithersburg: Apa ndi pamene pali mkangano. Masana tinapita pa mlatho wa miyala, Burnside Bridge, wokongola zedi wa makhonde atatu, pambali pake pali mtengo umene unalipo kale tsiku la nkhondolo ndipo ukadali moyo. Asilikali a kumwera a ku Georgia ochepa chabe, cha m'ma 500, anakhala pa chitunda kutsidya n'kutsekereza gulu lonse la Burnside, mkulu wina wa kumpoto, kwa maola atatu. Atawoloka cha m'ma 1 koloko anachedwanso kukonzekera, ndipo pamene ankati amumalize Lee, kunatulukira A.P. Hill wa kumwera ndi anthu ake atayenda mamailosi 17 kuchokera ku Harpers Ferry tsiku lomwelo, n'kuwabweza. Usiku unagwa aliyense ali pafupifupi pomwe anali. Tsiku lotsatira anangoyang'anizana, usiku wake Lee anawoloka Potomac kubwerera ku Virginia. McClellan sanamuthamangitse, ndipo pofika Novembala Lincoln anamuchotsa pa udindo

Kondwa wa ku Baltimore: Ndiye draw imeneyo. Anthu 23,000 chifukwa cha draw

Aphunzitsi a ku Zomba: Pabwalo inali ngati draw koma Lee ndi amene anachoka, ndipo Lincoln ankadikira chinthu ngati chimenecho. Patangopita masiku asanu, pa 22 Seputembala, analengeza kuti pofika 1 Januwale 1863 akapolo a m'zigawo zopandukazo adzakhala mfulu. Kuyambira pamenepo Britain ndi France zinavuta kuti zithandize a kumwera poyera. Ndipo taonani nthawi yake, miyezi yomweyo kuno kwathu anthu ankagwidwa m'magoli ku Shire Highlands, amishoni a Anglican a UMCA anali atangokhazikika ku Magomero mu 1861 ndi anthu amene anawamasula m'njira, bishopu Mackenzie n'kumwalira mu Januwale 1862. Dziko linali limodzi ngakhale sankadziwana

Mayi a Tadala: Aphunzitsi pamenepo ndinafunsa funso ine, ndinalimba mtima kukweza mkono. Ndinati nanga akapolo a pompano pa Sharpsburg anamasulidwa? Ranger anati ayi, chilengezocho sichinakhudze Maryland chifukwa sinapanduke, akapolo a kuno anadikira mpaka 1 Novembala 1864. Tangoganizani, nkhondo yamenyedwa pakhomo pako, wakwirira nawo mitembo, ufulu walengezedwa chifukwa cha nkhondo yomweyo koma iwe sukuwerengedwa. Anatilozera ka tchalitchi ka anthu akuda mu tawunimo, Tolson's Chapel, kamene anamanga mu 1866 ndipo kanakhalanso sukulu ya ana awo. Sitinalowemo nthawi inatha

NaBanda: Ndiye bola anayankha zoona osazemba. Ine ndimaganiza kuti amangotamanda zipilala

Amalume a ku Gaithersburg: Sanazembe. Ngakhale ndinene kuti pa gulu lonse lija akuda tinalipo owerengeka, ife anayi ndi banja lina limodzi. Pobwerera ndinkaganiza kuti nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa ambiri amene analipo koma sitipitako

Kondwa wa ku Baltimore: Amalume Lachitatu anthu tili ku ntchito, amene amapita ndi opuma pantchito. Si nkhani ya khungu yokha

Amalume a ku Gaithersburg: Amachitanso mapulogalamu kumapeto a sabata oyandikira tsikulo, ndiye chifukwa chimenecho chagwa kkkk

Aphunzitsi a ku Zomba: Mwatchula Harpers Ferry, mukadzapitanso mukaimeko. Ndi kumene John Brown anaukira mu 1859 kufuna kumasula akapolo, ndipo John Chilembwe amene anaphunzira ku Lynchburg ku Virginia komweko kuyambira 1897 mpaka kubwerera mu 1900, olemba mbiri ambiri amaona kuti nkhani ya Brown anaidziwa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ku Mbombwe, kumishoni ya Chilembwe, timapita pa 15 Januwale, mapemphero, zolankhula za akuluakulu, kwaya, kenako aliyense m'basi. Palibe amene amatenga ana kuyenda nawo njira imene anthu aja anayenda usiku wa 23 Januwale 1915 kupita ku Magomero, kuima n'kunena kuti apa ndi apa. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo ndi Ajeremani mu Seputembala 1914, manda alipo, koma ndi angati a ife tinaimapo? Chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) kuno ku Zomba ndimadutsapo pafupipafupi, anthu amangochiona ngati chizindikiro chotsikira minibasi

Mjomba wa ku Joni: Aphunzitsi ndalama. Munthu wa njala umuuze ayende makilomita kukamva mbiri?

Aphunzitsi a ku Zomba: Mjomba, mayi uja amalume akuti anali ndi mapu a pulasitiki ndi pakamwa pake basi. Agogo odziwa nkhanizi m'midzimo akutha, ndi amene ndikuwadandaula

NaBanda: Inu aphunzitsi mwapuma pantchito, yambani inuyo, chipewa tikutumizirani kkkk

Aphunzitsi a ku Zomba: Mawondo anakana kalekale, koma chipewacho tumizani dzuwa la Okutobala layandikira

Mayi a Tadala: Kkkk. Chinanso ndisaiwale, mu visitor center muli zithunzi za Alexander Gardner amene anafika patangopita masiku awiri mitembo isanakwiriridwe. Zinakaonetsedwa ku New York mwezi wotsatira ndipo kwa anthu ambiri kanali koyamba kuona nkhondo mmene ilili osati zojambula pamanja. Ranger ananyamula chimodzi chachikulu pa Dunker Church, anatiimika pamene anaima wojambulayo, kutchalitchi komweko, mtunda womwewo, kungoti pa chithunzipo pali anyamata atagona pafupi ndi ngolo ya mfuti, nsapato zili pambali. Tadala anandifunsa kuti nsapatozo anavula ndani. Ndinalibe yankho ndipo sindinafune kufunsa

Kondwa wa ku Baltimore: Ok mwandigonjetsa, ndadandaula kuti ndinagona. Chaka chamawa ndiye patali

Amalume a ku Gaithersburg: Sudikira chaka. Kumayambiriro kwa Disembala, kawirikawiri Loweruka loyamba, anthu odzipereka amayatsa makandulo 23,000 m'minda monsemo, limodzi pa munthu aliyense, ndipo umayenda pa galimoto pang'onopang'ono magetsi akutsogolo utazimitsa. Mzere wa magalimoto umatalika ndiye tiyenera kunyamuka masana. Yanga imakwana anthu 7

NaBanda: Ndilembeni ine ndi ana awiri, bola osatsika m'galimoto kuzizira kwa Disembala ine ayi

Kondwa wa ku Baltimore: Inenso, ndipempha off mawa lomwe

Mayi a Tadala: Kondwa iwe ugona kwa amalume Lachisanu lake, za alamu sitikuzimvanso. Ndipo madzi ugula ndiwe